Kwa amayi ofunsa za tchalitchi chakale cha kwawo ku Ntcheu

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kumudzi kwanu kuli katchalitchi ka njerwa zootcha kamene anamanga makolo a agogo anu, mpingo wamanga china chachikulu pambali pake, ndipo komiti ikufuna kugumula chakalecho kuti njerwa zake amangire khitchini ndi zimbudzi. Mukufunsa ngati boma lingachilembe m'kaundula wa malo a mbiri yakale kuti chisagwetsedwe. Njira ilipo ndithu. Koma musathamangire ku Lilongwe kaye. Sabata inoyi, pitani pakhonde pa munthu wachikulire kuposa onse mumpingomo, mukhale naye pamphasa, muyatse foni yojambula mawu.

Ndikunena izi chifukwa ife kwathu tinachedwa. Tinali ndi kanyumba ka sukulu ya mishoni ka zipinda ziwiri, mazenera ake okhota pamwamba ngati uta. Panali agogo ena aamuna amene ankatha kuloza dzenje lomwe anakumbamo dothi loumbira njerwa, n'kutchulanso mayina a amisiri atatu amene anamanga. Tinkangoti tidzalemba, tidzalemba. Agogowo anatisiya m'nyengo ya dzinja, ndipo chaka chotsatira khoma lakumadzulo linagwa ndi mvula. Titapita kukadandaula, funso loyamba linali loti, nyumbayi inamangidwa liti, ndi ndani, umboni wake uli kuti? Tinangoyang'anana. Lero pamalopo palimidwa chimanga, ndipo mukamapalira khasu limangogunda zidutswa za njerwa. Mpaka pano mtima umandipweteka ndikadutsapo.

Tsono za lamulo. Kuno ku Malawi nkhanizi zimayendera lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, ndipo oyang'anira ake ndi a Department of Museums and Monuments, amene akuluakulu ambiri amawadziwabe ndi dzina lakale la Antiquities. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la alangizi limene limaunikira nduna, ndipo nduna ndi imene imalengeza mu Gazette ya boma kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa. Malo akalengezedwa choncho, palibe amene angagumule kapena kusintha kamangidwe kake popanda chilolezo cholembedwa. Chimene ambiri sadziwa n'choti lamulo lomweli lili ndi makomo ena ang'onoang'ono. Limalola kuika malo pamndandanda ndi kuwalembetsa m'kaundula, komanso limalola boma kuchita pangano ndi eni malo la kasamalidwe kake, umwini n'kukhalabe m'manja mwa eniakewo. Mfundo imeneyi muisunge bwino, chifukwa mantha oyamba a komiti adzakhala akuti boma litilanda malo.

Ndipo pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tchalitchicho si chanu nokha, ngakhale anachimanga ndi makolo anu. N'cha mpingo, ndipo dothi lomwe chakhalapo lili ndi mwini wake, kaya ndi mpingo womwewo uli ndi lizi, kaya ndi malo a makolo amene ali m'manja mwa mfumu. Mukalemba kalata ku boma mwamseri, akomiti n'kungoona galimoto ya boma yaima pabwalo, mwadzipangira adani, ndipo njerwazo zikhoza kugumulidwa usiku umodzi. Mutu umodzi susenza denga. Kaonaneni ndi abusa ndi akulu a mpingo mwaulemu, kenako anyakwawa, agulupu, mpaka gogo chalo ngati kungatheke. Akomitiwo musawaone ngati anthu oipa. Akufuna zimbudzi, ndipo zimbudzizo n'zofunikadi. Njerwa zakwera mtengo, nkhuni zootchera zikusowa. Ngati inu ndi abale anu a m'tauni ndi a ku Joni mungasonkhe ndalama ya njerwa zina kapena mabuloko a simenti, theka la mkanganowo latha pomwepo. Kenako muwapatse ganizo la ntchito imene nyumba yakaleyo ingamagwire: Sande sukulu, kophunzirira kwaya, sukulu ya mkombaphala, kosungira mabuku a mpingo. Nyumba yopanda ntchito imasanduka ya mileme ndi mbuzi, ngakhale italembedwa m'kaundula wanji.

Kalata yopita ku dipatimenti ikhale yachidule koma yonenepa ndi umboni. Munene pamene nyumbayo ili, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo wachinyamata wina akutengereni manambala a GPS pafoni. Muikemo zithunzi za mbali zonse zinayi, zam'kati, za denga, za ming'alu yomwe, osabisa zoonongeka. Muyeze mulitali ndi mulifupi. Pasainire abusa kapena mlembi wa mpingo, amfumu adindepo chidindo chawo, ndipo kope lina mukasiye kwa bwanamkubwa ku khonsolo ya boma lanu, mutenge lanu lodindidwa tsiku limene alandira. Izi n'zosavuta.

Chovuta, chimenenso chidzagamule mlandu, ndi yankho la funso ili: nyumbayi ndi yofunika chifukwa chiyani? Kungoti ndi yakale sikukwanira. Taonani malo amene anthu amawalemekeza kale. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa abale awiri oyendetsa kampaniyo. Nkhani ya malonda a atsamunda m'dziko muno simungaifotokoze osaitchula nyumbayo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, ku Blantyre komweko, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri akuda amene anaumba ndi kuotcha njerwa pomwepo. Pamenepo chofunika ndi luso la manja. Ku Mbombwe ku Chiradzulu, tchalitchi chimene anamanga John Chilembwe asilikali a atsamunda anachiphwasula ndi mabomba mu 1915, mishoni n'kukhala yotseka mpaka Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso mu 1926. Malo amenewo akulemera chifukwa cha zimene zinachitikapo, osati kukongola kwa makoma. Ku Chongoni ku Dedza kulibe n'komwe nyumba: ndi mapanga ndi matanthwe 127 okhala ndi zojambula, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, UNESCO, linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006.

Katchalitchi kanu sikayenera kupikisana ndi amenewa. Kangofunika nkhani yakeyake yoona. Mwina ndi momwe munayambira sukulu yoyamba m'dera lonselo. Mwina m'nthawi ya njala ya 1949 anthu ankalandirirapo chakudya. Mwina anthu ankakumanamo mobisa m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kapena othawa nkhondo a ku Mozambique anagonamo m'zaka za m'ma 1980, poti Ntcheu ili m'malire ndipo inalandira ambiri. Sindikuti zinachitika kwanuko, ndikungokupatsani mafunso oti mukafunse. Mufunsenso amayi achikulire, osati abambo okha. Iwo ndi amene amakumbukira amene ankasenza madzi opondera dothi, nyimbo zomwe ankaimba posenza njerwa pamutu, ndi ukwati woyamba kudalitsidwa m'menemo. Zimene mwamva kwa munthu mmodzi muzilembe kuti mwamva kwa mmodzi. Musakometsere. Chaka chimodzi chabodza chikagwidwa, kalata yonse imakayikitsa.

Mawu apakamwa mukawapeza, asakireni mapepala owaikira kumbuyo. Yambani ndi kabati ya mpingo: mabuku a ubatizo, a maukwati, mabuku a misonkhano ya akulu. Kawirikawiri amakhala m'katoni pansi pa tebulo, njenjete zitadya m'mphepete. Jambulani tsamba lililonse. Kenako kulikulu la mpingo wanu, ndiponso ku National Archives ku Zomba, kosungira mapepala akale a boma. Mudziwiretu kuti moto wa mu 1919 unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba pamodzi ndi mapepala ambiri akale, choncho pa zinthu za kumbuyo kwa chaka chimenecho mabuku a mishoni ndi amene amathandiza kwambiri. Pofufuza muzikumbukira kalembedwe ka atsamunda: Ntcheu ankalemba Ncheu, Thyolo ankalemba Cholo, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning. Ku Mandala House komweko, m'chipinda chapamwamba, kuli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Pa nyumba yeniyeniyo yang'anani mwala wapangodya, belu ngati lilipo, ngakhale kunsi kwa malata, poti malata akale ena amakhala ndi chidindo cha kampani yomwe inawapanga.

Ndikuuzeninso chilungamo pa za ndalama, kuti musakalonjeze anthu zinthu zimene sizidzabwera. Kulembedwa m'kaundula sikutanthauza kuti boma litumiza malata ndi amisiri. Dipatimentiyi ili ndi malo ambiri oti iyang'anire ndi chuma chochepa, ndipo yankho likhoza kutenga nthawi. Mudzafunika kuimba foni, kupitako, kukumbutsa, mosatopa. Phindu lake ndi loti nyumbayo imakhala ndi chitetezo cha lamulo, akatswiri amabwera kudzaiona ndi kulangiza, ndipo mukamapempha thandizo kwa ena akufuna kwabwino mumakhala ndi pepala m'manja. Udindo wosamala umatsalabe kwa inu eni mudzi, ndipo umawonjezekera, chifukwa simungadzangoboola khoma kuti muike zenera lagalasi mmene mwafunira.

Podikira yankho, mdani wamkulu si komiti ayi, ndi madzi. Matani podontha mvula isanayambe. Kumbani ngalande kuti madzi a padenga asamaime patsinde pa khoma. Zulani timitengo tomera m'ming'alu tisanakule, makamaka kachere, amene mizu yake imang'amba khoma pang'onopang'ono. Gogodani mitanda ya denga ndi kampeni: ikamalira ngati ng'oma, chiswe chalowa kale. Ndipo chonde, ndikupempha ndi mtima wonse, musalole munthu wokoma mtima kupaka pulasitala wa simenti pa njerwazo poti akukongoletsa. Nyumba zakale zambiri anamangira dothi kapena laimu, zimene zimalola khoma kutulutsa chinyontho. Simenti imatsekera chinyonthocho m'kati, njerwa zimafumbutuka kuseri, tsiku lina pulasitala yense amasendeka ngati khungwa atatenga nkhope ya njerwa. Ndinaziona ndi maso anga pa nyumba ina ya aphunzitsi: kunja yosalala bwino, koma ukalowetsa chala pamng'alu mukutuluka ufa wofiira. Pokonza, dothi libwerere pomwe panali dothi, laimu pomwe panali laimu, ndipo thabwa lililonse lakale limene mwachotsa mulisunge, musasonkhezere moto.

Ngati komiti yaika kale tsiku logumula, musadikire kuti mapepala onse akwane. Pemphani abusa ndi amfumu kuti aimitse kaye kwa miyezi itatu yokha, lembani kalata yachidule ku dipatimenti yonena kuti nyumbayi ili pangozi, muikemo zithunzi, umboni wina udzatsatira. Mukajambula mawu a achikulire aja, musawasunge pafoni imodzi yokha. Tumizirani abale awiri kapena atatu tsiku lomwelo, ndipo pachiyambi pa kujambulako munene tsiku, malo, ndi dzina la amene akulankhulayo, atavomera yekha kuti ajambulidwe.