Masaji opweteka si amene amaumba thupi

Mayi wina wandilembera imelo. Anamupopa mafuta pamimba ndi m'chiuno milungu iwiri yapitayo, mimba idakali yotupa ngati sanachotsepo kanthu, ndipo ogulitsa masaji akumunyengerera kuti alipiretu masaji "oumba thupi". Akufunsa kuti masaji abwino ndi ati.

Mchemwali, funso lanuli landibwezera kutali. Ine anandichita opaleshoni yochotsa khungu lolendewera pamimba nditasiya kubereka, ndipo palibe anandiuza bwinobwino kuti kutupa kumakhalitsa chonchija. Pamwamba penipeni pa chipsera panatukuka, polimba, ukagwira osamva kuti wagwira. M'mawa pankaphwako, madzulo chovala chothina chimene amakuveka ukachitidwa opaleshoni chinkachita kundidinda mizere. Dokotala ananditumiza kwa mayi wina wa physiotherapy, ine ndikuyembekezera kufinyidwa mpaka kutuluka thukuta. Mayiyo anandigoneka chagada n'kuyamba kundisisita pakhosi. Pakhosi! Zala zake zinkangokoka khungu pang'ono m'munsi mwa khosi n'kulisiya, kukoka n'kulisiya, kenaka m'khwapa, ndipo pamimba anafikapo nthawi itapita kale. Mumtima ndinkati ndalama zanga zapita.

Ndiye amene anandifotokozera. Madzi amene amatupitsa thupi amayenda m'timitsempha ta lymph tomwe tili pansi pa khungu pomwepa, amadutsa mwa anabere, n'kukathira m'mitsempha ya magazi m'munsi mwa khosi. Madzi a m'munsi mwa mchombo amatsikira kwa anabere a m'mphechepeche, koma mpeni wa dokotala umadula njira imeneyo, ndiye amaima pamwamba pa chipsera. Ntchito yake inali kuwakankhira m'mwamba, cha kukhwapa, kumene njira zili zotseguka. Ukafinya mwamphamvu timitsemphato timaphwanyika, madzi osadutsa. N'chimodzimodzi kuponda paipi ya pulasitiki uku ukudandaula kuti madzi sakutuluka.

Njirayi amaitcha manual lymphatic drainage. Anaiyambitsa Emil Vodder wa ku Denmark ndi mkazi wake Estrid ali ku France m'zaka za m'ma 1930, n'kuionetsa ku Paris mu 1936. Onani chaka chimenecho. Kupopa mafuta kunali kusanayambe n'komwe, kunadzatchuka ndi dokotala Yves-Gérard Illouz chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Vodder sankaumba ziuno za anthu. Ankachotsa kutupa, ndipo mpaka lero ntchito ya masajiwa ndi yomweyo.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi zimene ndinkaona pa gulu lina la WhatsApp la amayi ochitidwa maopaleshoni otere. Wina kutumiza vidiyo akumugubuduza ndi zida zamatabwa zija za maderoterapia, zochokera ku Colombia, iye akuluma pilo, anzake n'kumamuyamikira kuti mafuta akusungunuka. Wina kutumiza yake akumutsegula kabala ka opaleshoni m'chipinda cha munthu, n'kumamufinya kuti madzi atuluke. Ndinkangotseka foni. Bala limene dokotala watseka, wina wopanda ngakhale chilolezo akulitsegula ndi manja amene angogwira kumene ndalama! Madzi akasonkhana malo amodzi n'kumayenda ukadina, amenewo ndi seroma, ndipo amawachotsa dokotala ndi jakisoni, m'chipatala.

Ndinene mosabisa: palibe masaji amene amasungunula mafuta. Maonekedwe a thupi lanu anatheka tsiku la opaleshoni lija, pa zimene dokotala anachotsa ndi zimene anasiya. Zotsala ndi kutupa kuti kuphwe ndi khungu kuti ligwirenso pansi, ndipo zimenezi zimatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ena mpaka chaka. Ogulitsa masaji amadziwa zimenezi. Amakujambulani pa mlungu wachiwiri, amakujambulaninso pa mlungu wachisanu ndi chitatu, n'kunena kuti ndi manja awo. Thupi likanaphwa ndithu ngakhale mukanakhala kunyumba. Kafukufuku amene alipo pa masaji a lymph pambuyo pa maopaleshoniwa ndi wa anthu ochepa, ndipo chimene amaonetsa kwenikweni ndi kuchepa kwa kutupa ndi ululu. Inenso ndinkatuluka kwa mayi uja thupi litapepuka, ndikupita kukataya madzi pafupipafupi, usiku n'kugona tulo. Zimenezo n'zokwanira kulipirira. Zoti chiuno chichepa chifukwa cha iwo, ayi.

Zamakina nazo, aja otenthetsa khungu ndi aja a ultrasound amene amati amaswa mafuta, ndimaziopa pa khungu la dzanzi. Mungapse osamva, n'kudzaona matuza mawa lake.

Ndiye muchite chiyani?

Yambani mwafunsa dokotala amene anakuchitani opaleshoni kuti masaji ayambe liti, chifukwa madokotala amasiyana ndipo iye ndi amene akudziwa zimene anachita mkatimo. Akalola, pezani munthu wophunzira masaji a lymph, makamaka wa physiotherapy, ndipo akakupwetekani muuzeni aleke. Chovala chothina muzivala monga anakuuzirani, kawirikawiri milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, n'kumaonetsetsa kuti sichikupindika, poti mpindo umasiya mzere pakhungu. Muziyendayenda pang'ono tsiku lililonse. Timibulu tolimba tikadzayamba pansi pa khungu, masaji amphamvuko angathandize, koma mtsogolo, dokotala ataona kaye. Ngati ena mwa mafuta amene anakupopaniwo anakuikani m'matako, malo amenewo asakhudzidwe, chifukwa mafuta osamutsidwa amafa akapanikizidwa asanagwire.

Ndipo mukamva kutentha thupi, bala likafiira kapena kutuluka mafinya, katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika, musapite kwa wamasaji. Thamangirani kuchipatala. Magazi oundana m'mwendo akatikitidwa amatha kusuntha n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo.