Ndowa ya ku Oregon: kumene geocaching inayambira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukhala ku Leeds. Akuti Loweruka lililonse mdzukulu wawo amawakokera kupaki, foni ili m'manja, kukasaka timabokosi tobisidwa patsinde pa mitengo ndi kuseri kwa mipanda. Akakapeza kabokosiko amalemba dzina pakapepala, n'kukabwezera pomwepo. Funso lawo ndi ili: "Kodi masewera a geocaching anayambitsa ndani? Si nzeru chabe za makampani zoti ana azingokhalira pafoni?"

Amayi, zikomo pondilembera. Masewerawa ndi akale kuposa mafoni tikugwirawa. Anayamba mu 2000, pomwe iPhone yoyamba inatuluka mu 2007. Ndipo amene anawayambitsa sanali kampani, anali bambo mmodzi ndi ndowa yake yakuda.

Koma tiyambire kumwamba. GPS inapangidwa ndi asilikali a dziko la America: masetilaiti osachepera 24 amene amazungulira dziko, aliyense akutumiza uthenga wa nthawi ndi pomwe ali. Kachipangizo kam'manja kakamva masetilaiti anayi kapena oposerapo, kamawerengera pamene mwaima. Anthu wamba ankaloledwa kugwiritsa ntchito, koma boma linkasokoneza dala uthengawo poopa kuti adani angaugwiritse ntchito pankhondo. Kusokonezako ankakutcha Selective Availability, ndipo kachipangizo kankatha kuphonya ndi mamita pafupifupi 100. Ndiye kuti mukanaima pagolo la kumpoto, iko n'kumanena kuti muli pagolo la kumwera. Woyendetsa sitima yapamadzi zinkamukwanira, koma munthu wofuna tsinde limodzi la mtengo m'nkhalango sakanaphula kanthu.

Pa 1 Meyi 2000, Pulezidenti Bill Clinton analengeza kuti kusokonezako kutha, ndipo usiku womwewo anakuthimitsadi. Kutacha pa 2 Meyi, anthu anapeza kuti zipangizo zawo zomwe zija zikuloza malo mophonya ndi mamita 10 okha kapena kucheperapo, osagula chatsopano chilichonse.

Dave Ulmer, katswiri wa makompyuta wa ku Beavercreek m'chigawo cha Oregon ku America, anafuna kuona ngati zinali zoona. Pa 3 Meyi anatenga ndowa yakuda ya pulasitiki, n'kuikwirira theka m'mphepete mwa nkhalango kufupi ndi kwawo. M'katimo anaikamo mabuku, mavidiyo, mapulogalamu a pakompyuta, ndalama pang'ono, legeni, chitini cha nyemba, ndiponso kope ndi pensulo. Kenako analemba manambala osonyeza malowo, N 45° 17.460 W 122° 24.800, pagulu la pa intaneti la okonda za GPS lotchedwa sci.geo.satellite-nav. Lamulo anaika limodzi: ukatenga kanthu, usiyeponso kanthu.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi lamulo limeneli. Kuyesa chipangizo sikunkafuna mabuku kapena nyemba. Akanangokhoma chikhomo pansi n'kunena kuti kachipezeni. Koma iye anasiya katundu wake patchire, n'kuuza anthu osawadziwa malo enieni, akukhulupirira kuti wobwerayo sanyamula ndowa yonse. Ndipo sanainyamuledi. Pomafika pa 6 Meyi anthu awiri anali ataipeza, ndipo Mike Teague wa ku Vancouver m'chigawo cha Washington analemba m'kope muja. Teague yemweyo ndi amene anayamba kusonkhanitsa patsamba lake manambala a malo ena, chifukwa ena anali atayamba kale kubisa zawo. Bokosi lotchedwa Mingo, limene linabisidwa ku Kansas pa 11 Meyi chaka chomwecho, ndi lakale kwambiri mwa amene anthu akuwasakabe. Mwezi wa Juni usanathe, la ku Bray Head ku Ireland linali litakhala loyamba ku Ulaya.

Dzina linabwera pambuyo. Poyamba ankati GPS Stash Hunt, koma mawu oti stash m'Chingerezi amakumbutsa malo obisapo mankhwala ozunguza bongo. Pa 30 Meyi Matt Stum anapereka dzina loti geocaching: geo kutanthauza dziko, cache kutanthauza pobisira katundu, mawu amenenso a makompyuta amawagwiritsa ntchito.

Apa ndiye pamene nkhawa yanu ili ndi pogwira, Amayi, sindikubisirani. Pa 2 Seputembala 2000, Jeremy Irish wa ku Seattle anatsegula tsamba la geocaching.com lili ndi mabokosi 75 okha padziko lonse. Iye pamodzi ndi Elias Alvord ndi Bryan Roth anakhazikitsa kampani ya Groundspeak, imene ikuyendetsabe tsambalo, ndipo mbali zina za pulogalamu yake ndi zolipira. Lero mabokosi aposa 3 miliyoni. Kampani ilipodi ndipo imapanga ndalama. Koma inapeza masewera atayamba kale, ndipo mpaka pano amene amabisa mabokosi, kusintha makope onyowa ndi kukonza zivindikiro zosweka ndi anthu wamba osalipidwa. Kabokosi kamene mdzukulu wanu anapeza kupaki kanaikidwa ndi munthu wa m'dera lanulo, amene amabwera kudzakayendera.

Popeza muli ku England, dziwaninso kuti nzeru yobisa kanthu kuti mlendo adzakapeze ili ndi agogo ake komweko. Mu 1854 James Perrott, amene ankatsogolera alendo m'chipululu cha Dartmoor ku Devon, anasiya botolo pamalo ovuta kufika otchedwa Cranmere Pool kuti ofikako azisiyamo makadi a mayina awo. Kuchokera pamenepo panabadwa letterboxing, masewera osaka mabokosi potsata malangizo olembedwa ndi kampasi, ndipo wopeza amadinda chidindo m'kope. Ulmer anangosintha cholozera njira.

Ndowa yoyamba ija kulibenso. Inawonongeka ndi makina otchetcha udzu, ndipo mu 2003 okonda masewerawa anaika pamalopo chitsulo cholembedwa mawu achikumbutso. Chitini cha nyemba chija chinapezeka pambuyo pake chitachita dzimbiri, ndipo anachisunga. Chimaonetsedwa pamisonkhano ya osaka mabokosi. Malamulo a masiku ano akanaikana ndowa imeneyo pa zifukwa ziwiri: kukumba pansi n'koletsedwa chifukwa kumawononga malo, ndipo chakudya n'choletsedwa chifukwa nyama zimanunkhiza n'kuswa bokosi. Zonsezi anaziphunzira masewera atakula. Limene silinasinthe ndi lamulo loyamba lija, loti ukatenga kanthu usiyeponso kanthu, kungoti lero amati chosiyacho chikhale chofanana mtengo kapena choposa chimene watenga.

Tsono Loweruka likubwerali musapite chimanjamanja. Tengani pensulo yanuyanu, chifukwa timabokosi tating'ono tambiri mulibe cholembera, ndipo m'thumba muikemo kakhobidi ka kwacha kapena kamkanda kochokera kumudzi koti mukasiye. Foniyo agwire mwanayo mpaka itanena kuti kwatsala mamita 5, kenako aiike m'thumba, chifukwa kuyambira pamenepo GPS imayamba kuzungulirazungulira ndipo amene amapeza ndi maso. Mukatsegula kope, werengani mayina ndi masiku a amene anafikapo inu musanafike, kenako mulembe lanu pansi pa la mdzukulu wanu.