Musakhome mabikoni mbale wanu asakudziwa

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo kuti mwana wa mayi ake aang'ono wakhala akudya malire a munda wake, mzere umodzi dzinja lililonse, ndipo tsopano wasonkhanitsa ndalama zoti aitane saveya (katswiri woyeza malo) adzakhome mabikoni (zipilala za simenti zosonyeza malire) mbale wakeyo asakudziwa. Akufunsa ngati kutero kungathetse nkhaniyo. Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa zimene mukufuna kuchitazo ine ndinazichita, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima.

Munda wa malemu mayi anga uli kufupi ndi mtsinje wa Thuchila, ndipo unachita malire ndi wa mayi anga aang'ono. Agogo pogawira ana awo aakazi awiriwo analoza chulu, mtengo wa mango, ndi mzere wa khonje umene anabzala okha pakati pa mindayo. Khonjeyo anapsa ndi moto wa osaka mbewa, wina anazulidwa, ndipo mayi atamwalira alongo anga anayamba kundidandaulira kuti munda ukuchepa. Ine ndinali pa ntchito ku Limbe, ndipo monga mwini mbumba ndinaona kuti ndi udindo wanga kuwateteza. Ndinapeza saveya, ndinamulipira, ndinabwera naye Loweruka m'mawa. Asanatulutse zipangizo zake anandifunsa ngati ndawauza anzathu a m'malire, ndipo ine ndinamunamiza kuti akudziwa koma atanganidwa. Iye anayeza pamene chala changa chinaloza, nakhoma mabikoni pamenepo.

Sabata isanathe mabikoni awiri anali atazulidwa. Mayi aang'ono sanabwere kudzakangana nane, koma anatumiza mawu kudzera kwa amalume akuti mwana amene anamubereka kumsana wabwera ndi makina kudzawayeza ngati wakuba. Zaka zitatu zinadutsa makomo awiriwo osapatsana moto. Pamene kunagwa maliro a mwana wa mlongo wanga, iwo anabwera kudzakhala pa siwa monga anthu a m'mudzi chabe, sanalowe kumene amayi a pabanja amaphika, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinawononga. Nkhaniyo inatha pamene a gulupu anatiitanitsa tonse kumunda komweko, pamodzi ndi gogo wina amene analipo tsiku limene agogo ankagawa. Kunapezeka kuti cha ku mango iwo analoweradi mizere itatu, koma cha ku chulu ndine amene ndinakhoma bikoni mkati mwa munda wawo.

Ndicho chifukwa ndikunena mosazungulira kuti saveya si woweruza milandu, ndipo munthu amene amamuitana kuti akamupambanitse pa mkangano wa munda wa makolo akuwononga ndalama ndi chibale nthawi imodzi. Pa malo amene anayezedwa kale, okhala ndi liizi ndi mapu ake ku Dipatimenti yoona zoyeza malo, saveya angathe kubwezeretsa bikoni pamalo pake penipeni chifukwa manambala ake analembedwa. Koma munda umene agogo anagawa ndi chala ulibe manambala otero. Malire ake ali m'mitu ya anthu, ndipo makina, kaya akhale odula bwanji, amangolemba malo amene wina waloza. Ngati waloza ndi munthu mmodzi, chimene chalembedwacho ndi maganizo a munthu mmodziyo ataikidwa simenti.

Tisaiwalenso kuti kuno kwathu munthu wobwera ndi zipangizo zoyezera malo salandiridwa ndi mtima wofanana ndi kwina. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata za umwini kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, ndipo malo aakulu a ku Mulanje ndi Thyolo anasanduka maesiteti, kumene makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, anakhala pa thangata, kugwira ntchito m'malo mwa lendi. Tiyi amene timamuona akubiriwira mbali zonse za msewu ali pa nthaka imene inayezedwa ndi kulembedwa eni ake a m'midzi asakumvetsa chimene chikuchitika. Lero Thyolo yokha ili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri akupanikizana pa timinda tosakwana hekitala, mwakuti pulojekiti ya Kudzigulira Malo imene inayamba mu 2004 inachita kusamutsa mabanja a kuno kupita ku Machinga ndi Mangochi. Pamalo otere mzere umodzi ndi chakudya cha ana, ndipo mayi wokalamba akaona mlendo akuyeza m'mphepete mwa munda wake popanda kumuuza, chimene chimabwera m'mutu mwake ndi kulandidwa. Sindinganene kuti akulakwitsa kuganiza choncho.

Palinso amene amadalira GPS ya pa foni n'kumati apeza malire. Foni imatha kuphonya ndi mamita angapo, pamene mkangano wanu ndi wa mizere itatu kapena inayi. Ena amadalira mtsinje, koma namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anationetsa kuti mtsinje umasiya njira yake usiku umodzi, n'kukokolola mitengo ndi miyala imene anthu ankalozerapo. Ndikukhulupirira kuti m'midzi imene inakhudzidwa, mafumu anayenera kuyendetsa anthu m'malire mwatsopano mboni zachikulire zikadali moyo, osadikira kuti anthu ayambe atengerana zikwanje.

Kuyeza malo sindikukutsutsa ayi. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limalola kuti munthu kapena banja alembetse munda wawo ndi kulandira chikalata, ndipo linakhazikitsa komiti ya malo pa gulupu, imene wapampando wake ndi a gulupu ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Chikalata chimenecho chingateteze ana anu inu mutapita. Koma chimakhala ndi mphamvu pamaso pa anthu a m'mudzi ngati anzanu a m'malire analipo tsiku loyeza ndipo anavomereza.

Zimene mungachite, mayi

Yambani ndi amalume anu, popeza munda ndi wa mbumba yawo, ndipo iwo akalankhule ndi mbale wanuyo musanapite kwa wina aliyense. Zikakanika, pitani kwa anyakwawa kapena a gulupu, mupemphe kuti nkhani ikakambidwire kumunda osati pabwalo pokha, akuluakulu amene anaona kugawidwa kwake alipo. Pamene mwagwirizanapo bzalani vetiva kapena nkhadze tsiku lomwelo, mulembe pepala losainidwa ndi mbali zonse ndi chidindo cha amfumu, aliyense asunge lake. Mukapanda kukhutira, lamulo linaika bwalo la milandu ya malo kwa mfumu yaikulu, kenako la pa boma. Saveya abwere pambuyo pa zonsezi, akhale wovomerezeka ndi boma, ndipo mbale wanuyo aime pambali panu pamene bikoni iliyonse ikukhomedwa. Nthawi yabwino yoyendera malirewo ndi mukangokolola, munda uli poyera, wina aliyense asanayambe kugaula mizere ya chaka chamawa.