Ndikufuna kubwerera pamadzi, koma ndilibe opalasa nawo

FUNSO: Kale ndili ku Livingstone ndinkapalasa kayak, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi, mu Zambezi, kumunsi kwa mathithi a Victoria. Pano ndili ku Nottingham, ku Britain, ndipo patha zaka 7 nkhafi osaigwira. Anzanga opalasa nawo ndiwapeza kuti, nanga ndiyambire pati? Wowerenga, Nottingham

YANKHO: Achimwene, kumtsinje musapite kaye. Yambirani padziwe losambiramo. Makalabu ambiri a kayak ku Britain amachita lendi dziwe madzulo nyengo yozizira, ndipo mungawapeze kudzera ku Paddle UK, bungwe lomwe mpaka 2024 linkatchedwa British Canoeing. Padziwepo mpamene anthu amaonana luso, ndipo maulendo a Loweruka amapanganidwa pomwepo povala nsapato.

Chimene chimayamba kuthawa munthu akakhalitsa osapalasa ndi roll, kuja kodzuka nalo bwato likagadabuka. Manja amakumbuka, koma mutu umachita phuma pofuna mpweya. Mutu ukatsogola, bwato limabwerera pansi. Bondo ndi chiuno ndizo zizidzutsa bwato, mutu uzituluka pomaliza, tsaya lili paphewa. Mukakwanitsa maulendo 10 otsatizana, uzani mnzanu azikugubuduzani mosakuchenjezani. Zigongono zikhale pafupi ndi nthiti, chifukwa mkono ukakwera kupitirira mutu n'kupita kumbuyo, madzi amagulula phewa.

Mwayi wanu ndi woti Holme Pierrepont ili pakhomo panu: ngalande yochita kumanga, ya mamita pafupifupi 700, yotenga madzi mumtsinje wa Trent. Kumeneko bwerezani kulowa ndi kutuluka mu eddy, madzi odekha aja a kuseri kwa mwala, komanso kuwoloka mkokomo osatsetsereka nawo. Mabala muziwamata ndipo muzisamba mukatuluka. Thupi likadzatentha patapita masiku, musangoti ndi chimfine. Kauzeni dokotala kuti munali mumtsinje, chifukwa kuli matenda a leptospirosis ochokera mumkodzo wa makoswe.

Zambezi isakunamizeni. Mu Batoka Gorge, chigwa chija cha kumunsi kwa mathithi, madzi ndi ambiri, akuya, ofunda, ndipo munthu ukagwa kawirikawiri amakulavulira padziwe la kumunsi. Mitsinje ya ku Britain ndi yopapatiza, yamiyala, yogweramo mitengo, ndipo madzi akatsika pansi pa madigiri 15 amakubanikitsa ukangogweramo. Ngakhale munkatsika madzi ovuta kwambiri a giredi 5, yambirani pa madzi ophweka a giredi 2. Mtsinje wa Tryweryn wa ku Bala, ku Wales, womwe madzi ake amatsegulidwa padamu la Llyn Celyn, udikire kaye. Mukagwa, musaimirire m'madzi othamanga: phazi limakodwa m'miyala, mkokomo n'kukugwetsani chafufumimba. Gonani chagada, mapazi kutsogolo, mpaka pomwe madzi safika m'mawondo.

Za anzanu, pamtsinje musachepere atatu: wina akavulala, wachiwiri amakhala naye, wachitatu n'kukaitana chithandizo. Magulu a pa Facebook alipo, koma munthu amene mwangodziwana naye pafoni muyambe naye pamtsinje wophweka. Musanalowe m'madzi funsani: ndani akutsogola, ndani akutsekera kumbuyo, zizindikiro za manja ndi wenzulo n'zotani? Aliyense akhale ndi chingwe choponyera cha mamita 15 mpaka 20 ndi mpeni wodulira chingwecho chikakola munthu. Woseka mafunso amenewa musapite naye. Inunso nenani zoona za zaka 7 zija. Kunyada n'kumene kumachititsa gulu kukuikani pamalo oposa msinkhu wanu. Ndipo galimoto imodzi imasiyidwa kotulukira: amene amadzipereka kuyendetsa ndi kusonkha ya mafuta ndiye amaitanidwanso.

FUNSO: Zida zanga zakhala m'galaja zaka zambiri. Kodi ndingazigwiritsebe ntchito? Mayi wa ku Parys, South Africa

YANKHO: Mayi, zina inde, zina ayi. Chisoti chomwe chinamenyapo mwala mwamphamvu chitayeni, ngakhale mng'alu usakuoneka. Jekete yoyandamitsa thovu lake limafota ndi zaka. Ivaleni padziwe muone ngati ikukunyamulani, ndipo wina akoke malamba a m'mapewa. Ikakwera mpaka m'makutu, pamtsinje idzavuka. Mphira wa m'khosi ndi m'mikono ya chovala choteteza madzi umauma n'kung'ambika. Umasinthidwa, chovala chonse osataya.

Bwato lokhalitsa padzuwa pulasitiki yake imachita mbuu n'kuyamba kusweka ngati chigubu chakale. Yang'anani ming'alu pansi pa mpando, mangani mabawuti, kokani zogwirira za kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo matumba a mpweya muwapope agone usiku wonse kuti muone ngati akuphwa. Popanda matumbawo bwato lodzaza madzi limalemera moti anzanu sangalikokere kumtunda. Chingwe chimasuleni chonse, muchiunike, n'kuchilonganso mosapota. Chomaliza ndi spraydeck, chotsekera pakamwa pa bwato: yesani kuichotsa ndi dzanja limodzi muli pamtunda, ndipo nthawi iliyonse musanalowe mumtsinje wa Vaal kwanuko gwirani kachingwe kake mutsimikize kuti kali kunja.