Mapeputayidi sanafike pochiza malungo

Achemwali, musagulire mwana wanu mapeputayidi omwe mwawaona akutsatsidwa pa intanetiwo. Palibe omwe avomerezedwa kuchiza malungo kapena kaodzera, akadali pa kafukufuku.

Chiyembekezo chilipo ndithu. Mapeputayidi ndi tizidutswa tifupitifupi ta mapuloteni, ndipo ambiri amapha kachilombo poboola khungu lake. Magainin, amene wasayansi Michael Zasloff anamupeza pa khungu la chule mu 1987, ndi mmodzi mwa omwe asayansi amatengera popanga awo.

Koma ndinagwirapo ntchito mu labotale, ndipo zomwe ndinaona sindiziiwala. Tinathira melittin, peputayidi wa mu ululu wa njuchi, m'kabotolo ka magazi. Posakhalitsa madzi a pamwamba anafiira psuu, maselo ofiira ataphulika. Mankhwala opha kachilombo pamodzi ndi magazi a wodwalayo sangathandize munthu. Vuto lina n'lakuti mukameza mapeputayidi, m'mimba amagayidwa ngati chakudya asanafike m'magazi.

Mwana wanuyo ngati akutentha thupi, mpititseni kuchipatala lero akamuyeze magazi. Akapezeka ndi malungo, mankhwala okhala ndi artemisinin amachiza bwino, bola amalize onse monga adokotala anenera. Akayamba kukomoka kapena kusanza chilichonse, musadikire kuti kuche.