Bala lakumwamba kwa m'kamwa: chophimbacho chikachoka nditani?

FUNSO: Adokotala, nkhama zanga zinaphwa mpaka mitsitsi ya mano kuonekera, ndiye dokotala wa mano anadula kanyama kumwamba kwa m'kamwa n'kukasokera pankhamapo. Pomwe anadulapo anamatapo chinthu china, koma chagwa patangotha masiku anayi, ndipo balalo likuoneka loyera. Kodi layamba mafinya? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mtima pansi, mayi. Zoyerazo nthawi zambiri ndi fibrin, kankhungu kamene thupi limayala pabala khungu latsopano lisanamere. Musakande ndi lilime kapena mswachi. Mafinya amadza ndi fungo loipa, kutupa, kutentha thupi ndi ululu wonka nukula.

Kanyama kodulidwako kamakhala kochindikala milimita 1 mpaka 1.5, ndipo malo ake sangakokedwe n'kusokedwa kuti atsekeke. Khungu limachita kumera kuchokera m'mbali, ndipo pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti likumane. Ntchito ya chophimba ndi kusunga magazi oundana pamalo pake ndi kutchinga chakudya, makamaka sabata yoyamba pamene ululu umakula.

Madokotala ena amaika kasiponji ka collagen (chinthu chopezeka mwachilengedwe m'khungu) n'kukagwiritsa ndi ulusi, pamwamba n'kudontheza guluu wakuchipatala wa cyanoacrylate, yemwe amadzakanganuka yekha. Ena amamata Coe-Pak, phala lomwe limauma, koma kumwambako siligwira bwino ndipo limagwa msanga. Kuli zipatala zina zomwe zimatenga magazi a wodwala yemweyo, kuwazunguza pamakina n'kupanga kankhungu ka fibrin kotchedwa PRF koyala pabala. Ife timakonda kambale kapulasitiki koumbidwa motengera m'kamwa mwa munthuyo, chifukwa kamapanikiza bala ndipo munthu amadya nako. Vuto lake n'loti kakapanda kutsukidwa kamasunga nyenyeswa za chakudya.

Chophimba chikagwa koma magazi sakutuluka, dziwitsani dokotala wanu. Kawirikawiri sabwezeretsanso china. Magazi akayamba, khalani tsonga, panikizani balalo ndi chala chachikulu pakansalu koyera konyowa kwa mphindi 20 osasuzumira. Akapanda kuleka, thamangirani kuchipatala, poti chakumbuyo kwa malowo kumadutsa mtsempha wa magazi.

Chukuchani pang'onopang'ono ndi mankhwala otsukira m'kamwa a chlorhexidine a 0.12% kapena 0.2% kawiri patsiku. Idyani phala lofunda chabe, mazira, nthochi zakupsa ndi nsima yofewa yopola. Chimanga chokazinga, tsabola, tiyi wotentha ndi fodya zidikire. Ululu chepetsani ndi paracetamol. Aspirin amachedwetsa magazi kuundana, koma ngati munalemberedwa chifukwa cha mtima musamusiye musanafunse dokotala.