Ngaka ili ndi mamba, nanga bwanji si m'bale wa ng'ona?

Mayi wina wa ku Santhe wandilembera kuti mwana wawo wa Sitandade 6 wabwera ndi nkhani yakuti ngaka ili gulu limodzi ndi mbuzi, ndipo mleme si mbalame. Akufunsa ngati aphunzitsi sanasokoneze.

Mayi, aphunzitsiwo anena zoona. Kumudzi timagawa nyama potengera kumene zimakhala ndi kayendedwe kake, koma asayansi amayang'ana mapangidwe a thupi ndi chibale. Kagawidweka anakayala bwino ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'zaka za m'ma 1700.

Choyamba amafunsa kuti kodi ili ndi fupa la msana? Ngumbi, nkhono, nyongolotsi ndi kangaude zilibe, ndipo zoterezi ndiye zochuluka zedi padziko. Zamsanazo kusukulu amaziika m'magulu asanu: nsomba, achule ndi anzawo, zokwawa, mbalame ndi zoyamwitsa.

Tsono ngaka. Mamba akewo asakupusitseni, ndi opangidwa ndi zomwe zimapanga zikhadabo zathuzi. Mutaitembenuza mupeza pamimba pali khungu lofewa ndi tiubweya. Siikira mazira ngati ng'ona kapena ng'azi. Imaswa mwana wamoyo, kawirikawiri mmodzi, n'kumamuyamwitsa, ndipo poyenda mwanayo amakakamira patsinde pa mchira wa make. Mano ilibe, imangonyambita nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali lomata. Kutembenuzako ndangonena, mayi. Kupezeka ndi ngaka m'Malawi muno ndi mlandu wopita nawo kundende.

Mleme nawo ulibe nthenga ngakhale imodzi. Uli ndi ubweya, makutu oonekera, mano, ndi mawere. Phikolo ndi khungu lotambasuka pakati pa zala zazitali.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi mbira ya m'mapiri, ija timati inasowa mchira chifukwa chotuma anzake. Mukaiona ikuwothera dzuwa pamwala mungati ndi m'bale wa kalulu kapena mbewa. Ayi ndithu, pachibale ili pafupi ndi njovu, zomwe zija anazisamutsa 263 kuchoka ku Liwonde kubwera nazo ku Kasungu National Park mu 2022. Mano awiri akutsogolo a mbirayi amakula ngati timinyanga. Mvuu za padamu la Lifupa nazonso abale ake enieni si nkhumba koma anamgumi a m'nyanja zamchere.

Mwanayo mumuuze kuti pamayeso asamayambe ndi funso lakuti imauluka kapena imasambira. Ayambe ndi msana, kenako chimene chakuta thupi, nthenga, ubweya kapena khungu lonyowa, ndipo akakayika ngati pa ngakapa, afunse ngati mwana wake amayamwa.